Mitengo Yosemedwa M'munsi

Jenala anachoka pa kampu ya agemu, alonda a nyama za m'nkhalango, dzuwa litafiira kale, ndipo mlandu sunali wake. Galimoto yomwe inayenera kukamutula kumsewu inali itapita ku boma la Chongwe kukanyamula mipando ya chikondwerero cha ufulu, pakuti zaka zimenezo a Chipani akafuna galimoto ngakhale njovu zinkadikira. Anaiyembekeza kuyambira m'mawa. Ankati akakhala pachitsa, n'kunyamuka, kukasuzumira kumsewu, n'kubwerera pachitsa pomwepo, mpaka nkhuku za pakampu zinayamba kumuzolowera.

Abson, mkulu wa alonda a nyama pamalopo, anamuchonderera kuti agone, popeza mkazi wake anali atayala kale mphasa. Jenala anakana. Lole ya makala inkadutsa pamudzi wa kumsewu m'mamawa wa Lachinayi lokha, ndipo kuiphonya kunali kutaya sabata yathunthu. Sabata yotaya iye analibe.

"Ngati mwalimbikila, ba Jenala, yendani na njila yathu ya agemu chabe," anatero Abson. "Msewu wakale muusiye. Mudziwa bwino vamene vili pansi paja."

Ankadziwadi. Zomwe zinali pansi paja ndi zimene zinamusandutsa chimene anali, munthu wosati mkazi wa mwini komanso wosati wamasiye. Mu Disembala wa 1979, nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi itatsala pang'ono kutha, mwamuna wake Yoramu analowa m'nkhalangoyi pa ntchito yake ya ugemu, ali ndi mnzake wolondola mapazi a nyama. M'misewu ya kumapiri kuno munali mutakwiriridwa mabomba. Patatha masiku atatu mnzake uja anapezeka m'mbali mwa njira mwendo utanyenyeka, ndipo anatsirizika m'galimoto asanafike ku Lusaka. Jenala sanamuonepo munthuyo, poti nthawiyo ankakhala ku Palabana kwa azilamu ake. Za Yoramu sipanapezeke ngakhale batani.

Tsono mkulu wake wa Yoramu, bambo Sanford, anali munthu wa mawu amodzi. Anati iwo salira maliro a mphepo. Popanda mtembo, popanda fupa, popanda kanthu koika m'manda, sangamusudzule Jenala, chifukwa kusudzula mkazi wa munthu wamoyo ndi kumuphera m'bale wako pakamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi! Azimayi a kutchalitchi ankasowa pomukhazika, pa mpando wa amasiye kapena wa apabanja. Ndipo Lyford, mwamuna wofatsa wogulitsa mkaka panjinga, amene anamudikira zaka ziwiri osanyinyirika, tsopano anali atanena poyera kuti mvula yoyamba ikagwa abwerera kwawo ku Chadiza kukalima, kaya ndi Jenala kaya yekha. Jenala ankamukonda, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa miseche yonse. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo.

N'chifukwa chake nkhalangoyi ankaidziwa kuposa azungu amene anayamba kubwera ndi makamera boma litaisandutsa paki. Iwo ankabwera nyengo yozizira yokha, kudzaona njati. Jenala ankabwera nyengo iliyonse, kanayi pachaka, ndipo agemu pomumvera chisoni ankamulola kutsagana nawo. Anaiona m'dzinja, udzu utapitirira mutu, bowa atatuwa pansi pa mitondo, mitsinje ikukana anthu. Anaiona m'masika, udzu utayamba kugona, nkhupakupa zikukwera m'miyendo. M'nyengo yozizira anaiona itachita mbuu, masamba akuthothoka, mphepo ikulowa mpaka m'mano. Mu Seputembala mitengo ya mombo inkaphuka masamba ofiira mapiri onse, agemu n'kumati taonani kukongola, iye n'kumangoona magazi. Tsopano unali Okutobala, nyenje zikulira mogonthetsa m'kutu, ndipo ulendo uwu, womwe anauyesa wotsiriza, unatha ngati ena onse. Ankabwerera chimanjamanja.

Agemu anali atamuphunzitsa kayendedwe kawo. Njira zawo amazilemba pamitengo: amasema khungwa ndi nkhwangwa pamalo olingana ndi nkhope ya munthu woimirira, kuti ngakhale udzu utalike bwanji chizindikiro chioneke. Mgemu weniweni amayenda khosi lili chilili, maso kutsogolo, kuchoka pamtengo uwu kufuna winawo. Jenala anaphunzira bwino kwambiri moti ngakhale mumsika wa ku Chongwe ankayenda ngati akuwerenga zipumi za anthu.

Koma madzulo amenewa njira inamukana. Moto wolusa unali utadutsa chigwa chonse masiku atatu apitawo, moto wamphamvu wa mochedwa umene agemu anati sanauonepo chibwerere, ndipo unadetsa mitengo mpaka m'nthambi. Zizindikiro zonse zinabisika m'mwaye. Pansi panali phulusa lokhalokha, lofewa, lotuwa, lofika m'kakolo. Anapeza mtengo woyamba wosemedwa, wachiwiri, wachisanu. Wachisanu ndi chimodzi anaupeza pochita kupapasa. Wachisanu ndi chiwiri sanaupeze.

Anabwerera m'mbuyo, kutsata mapazi ake. Anazungulira. Mapazi aja anakumana ndi mapazi ena, anakondwa, kenako anazindikira kuti ndi ake omwe. Dzuwa linalowa. Nyenje zinaleka zonse nthawi imodzi ngati wina wazitsekera chitseko. Mwezi unali utakwera kale, wotumbululuka ndi utsi, ndipo mitengo yakuda ija inaima mbali zonse yofanana ngati ana a mayi mmodzi. Jenala anadzitukwana. Safunsa anadya phula, koma iye anafunsa, anauzidwa, n'kudya phula lomwelo.

Msewu wakale unali penapake pafupi. Kumanja kapena kumanzere? Phulusa linali litaufafaniza.

Anaima. Anaopa kusuntha phazi.

Ndiye anamva nkhwangwa.

Go... go... go.

Phee.

Go... go.

Munthu wodula mtengo usiku, m'paki? Wakuba nyama, anaganiza choncho, kapena wofula njuchi. Aliyense, bola munthu. Koma kulira kwa nkhwangwayo kunali ndi kachilendo. Sikunkachokera m'mwamba monga mwa munthu woimirira. Kunkachokera pansi, m'tsinde.

"Odi kumeneko," anaitana.

Nkhwangwa inaleka. Patsogolo pake, patsinde pa mlombwa, panali munthu atakhala pansi, mwendo umodzi atautambasula. Anali wamng'ono thupi, wovala chikhoti chakale cha khaki, khutu lakumanzere lodukira pakati. Nkhwangwa yake inali yaing'ono, mpini wake wokulungidwa ndi waya wofiira wa kopa umene unkanyezimira pamwezi. Jenala anagwada pang'ono mwaulemu n'kupereka moni. Munthuyo sanabweze moni.

"Mwachedwa, amai," anatero. Mawu ake anali ouma ngati a munthu amene sanamwe madzi masiku ambiri.

Jenala anavomera kuti wachedwadi, nafotokoza kuti wasokera, akufuna njira ya kumudzi wa kumsewu, lole imupeze m'mamawa.

"Simufuna njila imwe. Mufuna munthu."

Jenala anamuyang'anitsitsa. Anafunsa kuti akumudziwa bwanji. Munthuyo anangopukusa mutu pang'onopang'ono.

"Bonse bayangana kumwamba," anatero. "Nabauza, nabauza. Bayangana kumwamba chabe. Imwe yanganani pansi."

Analoza ndi nkhwangwa patsinde pa mlombwa uja. Jenala anawerama. Pamenepo, mosapitirira bondo, khungwa linali litasemedwa kawiri, mizere iwiri yopingasa. Anagwirapo. Zala zinanyowa. Anazikweza pamwezi, zinali zofiira, zomata... Anadziuza kuti ndi utomoni, mlombwa umatero ukatemedwa, mwana aliyense amadziwa. Anadziuza kawiri.

Poweramuka, patsinde paja panalibe munthu. Anali patsogolo, pamtengo wina, atakhala momwe muja, mwendo chitambasulire. Jenala sanamuone akunyamuka. Sanamve phazi.

"Bwelani. Koma pondani mumzele wa mitengo. Kumanja kwanu ni msewu."

Apa munthu wanzeru akanathawa. Koma kuthawira kuti, pamene phazi limodzi lolakwa likanamumwaza ngati mapira? Komanso, tinene zoona, Jenala anali atatopa. Zaka zisanu ndi chimodzi za kufunsa, aliyense n'kumuyankha kuti pepani. Uyu yekha ndiye anati bwerani. Anakumbukira lole, anakumbukira Lyford ndi njinga yake, anadziwa kuti akatsata munthuyu lole yapita. Anatsata.

Mtengo wachiwiri unali ndi mizere iwiri m'munsi. Wachitatu chimodzimodzi. Khosi lija lozolowera kuima linayamba kupweteka ndi kuwerama. Nthawi zonse akamapapasa tsinde, munthu uja ankakhala ali kale patsogolo, ndipo nkhwangwa inkayamba. Go... go. Anayesa kusachotsa maso pa iye. Anaphethira kamodzi kokha. Munthuyo anali atasuntha.

Anatsika kachigwa. Anakwera. Lumbe anauluka pamapazi ake, mtima unachita kulumpha. Thukuta linkayenderera mumsana. Utsi wa zitsa zonyekabe unkamuyabwa m'maso. Anayamba kuwerenga mitengo kuti asapenge. Makumi awiri. Makumi atatu ndi isanu.

Kenako anachita chimene sanayenera kuchita. Anayang'ana phulusa la pakati pa iye ndi munthuyo.

Linali losalala. Mwezi unkaliwalitsa bwino lomwe. Munali timapazi ta mbewa, munali mzere wa njoka. Mwa munthu wokhala ndi mwendo wotambasula, wodzikoka pansi mtunda wonsewu, munalibe kanthu. Ngakhale kachizindikiro!

Jenala anaima. Anafuna kupemphera, Atate wathu anamuthawa pakati.

"Musayope, amai. Tafika pafupi. Nalema maningi."

Anati watopa, ndipo mmene ananenera, Jenala anamva chisoni chikupyoza mantha. Unali kutopa kumene iye ankakudziwa. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza.

Mitengo inathera pa thanthwe lalikulu long'ambika pakati. Pakamwa pa mng'aluwo panali miyala younjikidwa, yosanjidwa bwino, ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, mmene amatsekera kuti afisi asalowe. Udzu umene unkabisa malowo unali utapsa wonse. Munthu uja anakhala pambali, nkhwangwa ataigoneka pamiyendo.

"Ninamuika bwino," anatero. "Sanavutike nthawi itali. Anakamba zina lanu."

Pamwamba pa miyala panali kapu yovundikira. Jenala anainyamula ndi manja awiri. Inali kapu yachitsulo yobiriwira, yodetsedwa ndi moto, yoboola pansi monga amaboolera kapu ya pamanda. Chogwirira chake chinali chomangidwa ndi waya wa ambulera. Jenala anamanga yekha wayayo, pakhonde ku Palabana, Yoramu akumuseka kuti mkazi wanga ndi makanika.

Anakhala pansi m'phulusa. Sanalire. Misozi inakana, inangotsamira pachifuwa ngati mwala. Anakhala choncho kaya nthawi yaitali bwanji, kapu ili pamtima.

Atakumbukira kuti sanathokoze, anatembenuka.

Panalibe munthu. Panalibe nkhwangwa. Phulusa pamalo pamene anakhala linali losalala ngati ufa wosefa.

Mmene anabwererera, Jenala mwiniwake sankatha kufotokoza bwino. Anakwawa. Anatsata mitengo ija chobwerera, kupapasa tsinde lililonse, napitirira mlombwa woyamba uja, pakuti mizere inkapitirirabe, mpaka inamutulutsa panjira ya galimoto, pamtunda wosakwana ola kuchokera ku kampu. Anagogoda kwa Abson atambala asanalire, ali wotuwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, moti mkazi wa Abson atatsegula anabwerera m'mbuyo n'kugwira pakamwa.

Anaika kapu patebulo nafotokoza zonse mwadongosolo, mopanda kukweza mawu. Abson anamvetsera ali chiimire. Atamva za khutu loduka anakhala pansi. Atamva za waya wofiira pampini, anayang'ana mkazi wake, mkaziyo n'kuyang'ana kumbali. Sananene kanthu, koma kuti kukacha apita onse.

Kunacha kotentha. Abson anatenga mfuti ndi kathumba ka saka kokulungakulunga, ndipo anatsata mapazi a Jenala m'phulusa. Anali mapazi a munthu mmodzi, ndi mawondo a munthu mmodzi, popita ndi pobwera. Pamtengo woyamba Abson anachita mwa chizolowezi chake, anayang'ana polingana ndi nkhope. Jenala anamugwira mkono n'kuloza pansi.

Mizere iwiri inalipo. Koma sinali ya dzulo. Inali yakale, yakuda, khungwa litatupa m'mbali ndi kuyamba kutseka bala, monga umachitira mtengo pakapita zaka. Pa mlombwa uja utomoni unali wouma gwa, wosweka ngati galasi. Jenala anayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali mofiirabe.

Abson anayenda mtunda wonsewo akuwerama pamtengo uliwonse, ndipo pofika pathanthwe nkhope yake inali yonyowa. Anavula chipewa. Anachotsa miyala iwiri ya pamwamba, anasuzumira, anaona lamba ndi nsapato za boma ndi zina zimene zinalimo, n'kubwezeretsa miyalayo mwaulemu. Anati izi bambo Sanford abwere adzaone ndi maso awo, iye mwini akawatenga pa galimoto ikangobwera, a Chipani anene zimene anene.

Kenako anakhala pamwala n'kuulula chimene anachisunga zaka zonsezi. Mnzake wa Yoramu uja, pomukweza m'galimoto, sanafe chete monga Abson anamuuzira Jenala. Analankhula. Anagwira Abson malaya n'kunena katatu kuti wasema mitengo, atsate zizindikiro, akamupeza mnzawo. Agemu khumi anafunafuna masabata atatu m'mvula, udzu uli m'mapewa, maso ali pamitengo. Sanapeze chizindikiro ngakhale chimodzi. Anagwirizana kuti munthuyo ankabwebweta ndi ululu, ndipo Abson anaona kuti kumuuza Jenala kungomuwonjezera chilonda.

"Tinapita pa mlombwa uja kasanu, ine wamene," anatero Abson. "Palibe anaganiza kuti munthu alibe mwendo sangaimilile. Anali kukwawa, amai. Anasema pamene kwanja inafika."

Anamasula kathumba ka saka kaja pang'onopang'ono. Munali nkhwangwa yaing'ono, yadzimbiri, mpini wokulungidwa ndi waya wa kopa umene unali utabiriwira ndi zaka.

"Zina lake anali Matthias Shamilimo. Khutu inadyewa na kambuku akali mwana. Tinamuika kumudzi kwao mu Disembala mwamene muja, nine ninanyamula bokosi kutsogolo. Iyi nkhwangwa yagona pansi pa bedi yanga zaka zonse izi. Na usiku wa lelo inali pamene paja."

Jenala anatambasula manja, Abson anamupatsa. Inali yopepuka kuposa mmene ankaganizira. Anayesa kuganiza za munthu wokwawa masiku atatu m'matope, mwendo ukukoka kumbuyo, n'kumaima pamtengo uliwonse kuti mkazi amene sanamuonepo asadzasowe pokalira. Paja munthuyo anati watopa. Zaka zisanu ndi chimodzi akudikira wina woti aweramitse khosi.

Kum'mawa, kuseri kwa mapiri, kunagunda bingu loyamba la chaka. Jenala sanatembenukeko. Anagoneka nkhwangwa pamiyala pafupi ndi pamene panali kapu, anamasula duku lake, nagwada m'phulusa. Mwala uja wa pachifuwa unasweka, ndipo analira mokweza, maliro a anthu awiri.